Banga la Pampando wa Kumbuyo

Lameki wandiyalira makina atatu pa kauntala
m'shopu ya ku Malangalanga,
kunja minibasi zikukalipirana ndi mahutala,
oitanira akung'amba mmero: Biwi! Kawale! Mmodzi yekha!

"Awa ndi a batire," akutero,
"opepuka, munyamula ndi chala.
Mphindi makumi awiri, kenako agona."
Mphindi makumi awiri?
Fumbi la ku Chinsapo lokha,
lofiira lija lolowa mpaka m'mano,
limafuna tsiku lathunthu ndi theka.

Achiwiri ndi a chingwe, okwiya,
amameza ndi ndalama zachitsulo zomwe.
Koma ndi ouma, samwa madzi.
Amatola za pamwamba basi,
ngati wapolisi wa pamsewu.

Achitatu ali ndi mathanki awiri,
la madzi oyera, la madzi akuda.
Amalavula sopo m'nsalu n'kumezanso,
payipi yake yotalika kuposa mkono wanga,
kukamwa kwake koonekera ngati galasi.
Ndafunsa mtengo. Ndakhala kaye pa sitolu.
M'mutu ndikuwerenga maulendo a ku Kanengo,
kupita n'kubwera, kupita n'kubwera,
mafuta osawerengera.

"Kodi banga lake ndi la chiyani, bwana?
Tiyi? Oilo? Masanzi a mwana?
Lililonse lili ndi mankhwala ake."

Ndamuyang'ana mnyamatayu, ndevu zisanamere.
Ndimuuze bwanji za Lachinayi lija,
mvula ikumenya denga la Sienta ngati ili ndi ngongole nalo,
mayi atagwira khosi la mpando wanga,
mlamu wake akupemphera mapemphero opanda ameni?
Ku Bwaila kunatsala pang'ono chabe.
Mwana sanadikire.
Analira tili pamlatho penipeni,
ine manja pa chiwongolero, maso kutsogolo,
misozi ya munthu wamkulu ikugwera pa malaya.
Anamutcha Panjira.
Ndalama ya ulendo anandipatsa theka,
theka linalo ndinaiwala dala.

Mkazi wanga wakwecha ndi burashi,
sopo wa ufa, soda, mandimu a kwa aneba.
Banga langotuwa, osachoka,
lalitali, lopindika m'munsi ngati mapu a dziko lino.
Amataye a ku Kapitolo akaliona
amakhalira thako limodzi, chikwama pamiyendo.
Mwini galimoto, a Chikuse, anena kamodzi:
"Pofika Lolemba mpando uwale,
apo ayi mubweretse makiyi."

"Ndi banga la munthu," ndayankha.
Lameki sanafunsenso.
Watenga chidutswa cha kapeti, wathirapo tiyi wake wa mkaka,
wapondaponda ndi nsapato,
walumikiza pulagi.
Makina abangula.
Ndaona ndi maso anga madzi ofiirira
akukwera m'kukamwa kwa galasi kuja,
kapeti n'kutsala ndi kanjira koyera pakati
ngati mzere wa m'mutu mwa mwana wasukulu.

Ndafunsa za fyuluta, ngati imachapika.
Ndafunsa payipi ikang'ambika ndikaipeza kuti.
Ndakoka chingwe, ndayesa ndi mapazi:
kuchokera pa windo la kuchipinda kufika pabwalo, chikwana.
Tanenerera mpaka tonse tatopa.
Wandiwonjezera kabotolo ka sopo,
lisiti ndaipinda kanayi, ndaiika m'laisensi.

Kwathu magetsi ndi mlendo wa usiku,
amafika osagogoda anthu atagona.
Ndiwadikira.
Akangoyaka ndidzatsegula zitseko zonse zinayi,
agalu a m'dera auwe mmene angathere,
ndidzapopera, n'kuyamwa, n'kupoperanso
mpaka mpando uiwale.

Koma thanki ya madzi akudayo
sindikaikhuthulira m'ngalande
momwe mumayenda majumbo ndi zotsukira mbale.
Kuseri kwa nyumba kuli kamtengo ka papaya
kamene kakukanika kukula.
Ndidzathira pamenepo, pang'onopang'ono,
n'kukwirira ndi dothi.